Theka la Tsiku ku Cape Maclear

(Nyimbo yotsegulira, izilala pang'onopang'ono)

Yakwana nthawi yathu ija yodziwana ndi malo a m'dziko lathu lino. Lero tengani chipewa ndi botolo la madzi, chifukwa tikulowera kunyanja, m'boma la Mangochi, m'dera la Mfumu Nankumba, kumudzi umene eni ake amautcha Chembe koma alendo amaudziwa ndi dzina loti Cape Maclear. Sitikagonako ayi. Tili ndi theka la tsiku lokha, kuyambira dzuwa likungosuzumira mpaka nthawi ya nkhomaliro, ndipo tikhala m'manja mwa mnyamata wa komweko, mmodzi wa aja timawatcha magaidi, operekeza alendo.

Ndiyambe ndi kudziulula. Ulendo wanga woyamba ku Chembe ndinakana gaidi. Ndinkati ine Mmalawi, Chichewa ndimamva, nyanja ndi yathu, ndilipirirenji munthu kuti andionetse madzi? Ndinasamba, ndinadya chambo, ndinajambulitsa, n'kubwerera kwathu wokhuta. Patapita nthawi mnzanga wina anandifunsa ngati ndinauona Mwala wa Mphini. Ndinangoti kakasi. Galimoto yathu inadutsa pafupi pomwepo kawiri, popita ndi pobwera, ine maso ali pa foni. Choncho ulendo wachiwiri ndinatenga gaidi, ndipo ndi ulendo umenewo umene ndikufuna tiyendere limodzi lero.

Tikuyambira pamphambano, mutatsala pang'ono kufika pa Monkey Bay mukamachokera ku Mangochi. Apa msewu umakhotera kumanzere, ndipo kuchokera pamenepa kukafika ku Chembe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 18. Matola alipo, akabaza a njinga zamoto ndiye osayamba. Msewuwo umakwera, umatsika, umapindika pakati pa mapiri a matanthwe akuluakulu osanjikizana ngati wina anachita kuwaunjika. Anyani amakhala m'mbali mwa msewu kukuyang'anani mopanda manyazi, ngati ndinu mwalowa m'munda mwawo. Ndipo zoona mwalowa mwawo, pakuti mapiri amenewa ali m'kati mwa Lake Malawi National Park.

Tisanafike kumudzi, gaidi wanga anagogoda padenga la galimoto. "Akulu, titsike kaye pano." Tinayenda pang'ono chabe, ndipo nawu mwala, wautali kuposa nyumba, nkhope yake yonse ili ndi mizere yozama yopingasana, ngati tsaya la agogo amene anatemedwa mphini ali mtsikana. Dzinalo linachokera pamenepo. Munthu ukauona umalumbira kuti pali amene anakhala pansi ndi sompho n'kuusema. Koma palibe dzanja la munthu linagwirapo. Thanthwe limakhala ndi timing'alu. Dzuwa limalitenthetsa masana, usiku limazizira, mvula imalowa m'timing'alumo n'kumadya malo ofewa, zaka zikwi ndi zikwi, mpaka mizere ija kuoneka. Boma linauika mwalawu m'gulu la zipilala za dziko zotetezedwa. Gaidi anandiuza zonsezi, kenaka anatsitsa mawu n'kunena kuti alipo anthu amene amaulemekeza mwalawu pa zifukwa zina, zamankhwala. Ndinaona kuti zamasayansi anazinena mokweza, zamakolo monong'ona, koma zonse ziwiri anazinena mwaulemu wofanana. Mphindi khumi ndi zisanu zakwana pano. Tiyeni.

(Kaphokoso ka mafunde ndi mawu a anthu kugombe)

Mukangotsika chitunda chomaliza, nyanja imatseguka yonse kamodzi, mbee! Kumbuyo mapiri, kutsogolo madzi, pakati pake kamchenga kataliatali pamene pafinyikana mudzi wonse: nyumba, matchalitchi, mzikiti, maloji a alendo, milambe. Mapiri ndi nyanjayi ndi ana a mimba imodzi. Kalekale nthaka ya kuno kum'mawa kwa Africa inang'ambika, pakati panatitimira, m'mbali munatsala motukuka. Potitimirapo ndi pamene panadzaza madzi. Ndicho chifukwa chake nyanja yathu ndi yaitali koma yopyapyala, makilomita oposa 560 kutalika kwake, ndipo kumpoto kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700.

Chifukwa chimene gaidi amakudzutsirani mbandakucha muchiona pagombe. Ino ndi nthawi imene asodzi a usipa akubwerako. Usiku wonse anali pamadzi ndi nyali zawo; amene anagonapo kunyanja amadziwa mmene nyalizo zimaonekera, ngati tauni ina yamera pakati pa madzi. Usipa umatsata kuwala, ndiye mmodzi amakhala m'bwato ndi nyali kuusonkhanitsa, anzake n'kuuzinga ndi chilimira. Kukamacha maboti amakocheza, ndipo gombe lonse limasanduka msika. Amayi ali ndi mabeseni, mitengo ikukambidwa mokuwa, ana akuthamangira kansomba kakagwa, wina akutsuka mapoto, wina akuchapa, wina akusoka ukonde chala chakuphazi chitakola chingwe. Kuseri kwake kuli mathandala, aja a bango oyanikapo nsomba, usipa uli waliwali padzuwa. Fungo lake limakulandirani musanalione thandalalo.

Apa ndipemphe chinthu chimodzi, makamaka kwa ife a m'tauni amene foni siichoka m'manja. Mayi amene akusamba kapena kuchapa pagombe sali pa chionetsero. Ali pakhomo pake. Gaidi wanga asanandilole kujambula anayamba wapita yekha, "Mayi, mwadzuka bwanji? Alendowa akupempha ajambule thandala lanu." Mayiwo anaseka n'kuti, "Ajambule usipawo, ine ayi, sindinavale bwino." Basi, tinajambula usipa. Chembe ndi umodzi mwa midzi imene inatsala m'kati mwa malire a paki pamene boma linkakhazikitsa pakiyo mu 1980. Anthu sanasamutsidwe. Choncho mlendo ndi msodzi amagawana mchenga womwewo, ndipo ulemu ndi umene umachititsa kuti kugawanako kutheke.

Nanga dzina la chizunguli linabwera bwanji? David Livingstone, amene anaiona nyanjayi koyamba mu 1859, ndiye anatcha malowa Cape Maclear pofuna kulemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene ankagwira ntchito ku Cape Town. Maclear anamuthandiza Livingstone pa luso lopeza malo pamapu poyang'ana nyenyezi. Dzina linakhala, ndipo lero lili pa zikwangwani ndi pa intaneti, koma mukakwera matola n'kunena kuti mukupita ku Chembe, palibe angakusocheretseni.

Tsopano tiyende chakumadzulo, kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi geti ya paki. M'tsinde mwa phiri, pamthunzi, pali manda. Ndi pano pamene ndikufuna tikhalitse pang'ono, chifukwa alendo ambiri amangosuzumira n'kuthamangira kumadzi.

Mu Okutobala 1875, kasitima ka nthunzi kotchedwa Ilala kanalowa m'nyanja ya Malawi kuchokera mu mtsinje wa Shire. Kanatchedwa Ilala pokumbukira dera la ku Zambia kumene Livingstone anamwalira mu 1873. Kasitimako kanachokera ku Britain kali zidutswazidutswa, kanalumikizidwa kumathiriro a Zambezi, ndipo katafika pa mathithi a Shire kanaphwasulidwanso. Amtengatenga mazanamazana anasenza zitsulozo pamutu, kudutsa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 m'dzuwa la m'chigwa, mpaka kumtunda kwa mathithi kumene anakamanganso. Mabuku amatchula mtsogoleri wa ulendowo, Edward Young, ndi dokotala wachinyamata Robert Laws. Amtengatenga aja mayina awo sanalembedwe, koma popanda makosi awo Ilala sikanaiona nyanja.

Amishoni a ku Scotland amene anabwera ndi kasitimaka anapempha malo kwa Mfumu Mponda, ndipo anasankha pano chifukwa mapiri amatchinga mwera, sitima imakocheza bwino. Apa ndi pamene panali Livingstonia yoyamba. Inde, Livingstonia imene mumaidziwa ku Rumphi pamwamba pa phiri inayambira pamchenga uno. Anamanga nyumba, anatsegula sukulu, anayamba kuchiza odwala. Koma malungo anawagwira mmodzimmodzi. Nthawi imeneyo kunalibe amene ankadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Zimenezo zinadziwika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Iwo ankaganiza kuti ndi mpweya woipa wa m'madambo. M'zaka zochepa anaika m'manda anzawo asanu, mmodzi mwa iwo dokotala, William Black, amene anamwalira mu 1877. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ku Nkhata Bay, ndipo mu 1894 anakwera phiri kukakhazikika ku Khondowe. Chaka chomwe ankachoka pano ndi chimene anabatiza munthu wawo woyamba, Albert Namalambe. Zaka zisanu ndi chimodzi, wobatizidwa mmodzi. Laws anapirira, ndipo anakhala m'dziko muno mpaka 1927.

Anthu ambiri amati awa ndi manda a azungu. Gaidi wanga anandikonza. Mmodzi wa ogona pano ndi Shadrach Ngunana, Mxhosa wa ku South Africa, amene anabwera mu 1876 kuchokera kusukulu ya Lovedale pamodzi ndi William Koyi ndi anzawo ena. Ankaphunzitsa ana pasukulu ya pano, ndipo anamwalira mu 1877 ali mnyamata. Lero ana athu amakhamukira ku Joni kukafuna ntchito. Uyu anachoka komweko kubwera kuno kudzagwira choko, ndipo kwawo sanabwerere. Kunena zoona, pa zonse zimene ndinamva tsiku limenelo, chimenechi ndicho chinandikhala pamtima, ndipo ndikanachiphonya ndikanakhala ndekha.

(Kanyimbo kachidule)

Mukumvera pulogalamu yathu yoona malo, ndipo lero tili ku Cape Maclear. Tikulowa pa geti ya paki tsopano. Pamakhala ndalama yolowera, ndipo Mmalawi amalipira yochepa kuyerekeza ndi mlendo wakunja, choncho tengani chiphaso chanu cha unzika, ndipo risiti muisunge chifukwa imagwiranso ntchito kuzilumba. M'katimu muli kanyumba kophunzitsira za nsomba, nyama ndi mbiri ya malowa, koyenera ana asukulu. Malo ano analinso ndi hotelo nthawi ya atsamunda, ndipo cha mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima pano pa ulendo wochokera ku England kupita ku Johannesburg. Tangoganizani ndege ikutera pakati pa mabwato a usipa. Sizinakhalitse, patangotha chaka chimodzi zinasiya. Kumapeto kwa kanjira kuli Otter Point, dzina lochokera kwa akatumbu amene amakhala m'miyalamo. Mukawaona muli ndi mwayi. Ine ndinangoona mbira zikuothera dzuwa ndi ng'anzi imodzi yaulesi. Tisachedwepo, boti likutidikira.

Pa nkhani ya boti ndilankhule mosapsatira. Musakwere musanaone majekete oyandamitsa, ndipo akhale okwanira aliyense, ana omwe. Tsiku lina ndinakwera boti lina kunyanja komweku, anthu khumi ndi awiri, majekete anayi, mwini wake akuti, "Osadandaula bwana, nyanja yagona lero." Pobwerera nyanja inadzuka. Tinafika, koma mapemphero amene anamveka m'botimo anali a mipingo yonse. Ichi ndicho chifukwa china ulendowu umachitika mmawa. Kawirikawiri mmawa madzi amakhala bata, oyera, dzuwa lisanakwiye. Masana mphepo imayamba, kaya mwera wochokera kumwera m'miyezi yozizira, kaya mpoto nyengo yotentha ndi ya mvula. Gaidi wabwino amayang'ana kumwamba ndi pamadzi asanayang'ane thumba lanu, ndipo akati lero sitipita, musakangane naye.

Kuchokera pagombe mukuona zilumba. Chachikulu chakumanja, chokhala ngati chagundana ndi mtunda, ndi Domwe. Kampata kopapatiza kolekanitsa chilumbachi ndi mtunda amakatcha Ilala Gap. Kutali uko ndi Mumbo. Ife tikupita chapafupi ichi, Thumbi West, ulendo wa mphindi zochepa pa boti la injini. Palibe mudzi pachilumbachi, ndi mitengo ndi matanthwe basi.

A kaputeni azimitsa injini pafupi ndi miyala. Gaidi akukupatsani magalasi oonera pansi pamadzi ndi kapaipi kopumira. Ngati simudziwa kusambira musachite manyazi. Valani jekete, gwirani chingwe cha boti, ingoviikani nkhope. Ine ndinachita zomwezo. Omvera, zimene ndinaona sindinkaziyembekeza m'madzi a kwathu kuno. Tinsomba totalika ngati chala, tabuluu towala ngati nsalu yatsopano, tachikasu, tamizeremizere ngati mbidzi, tamawangamawanga, tikuzungulira miyendo yanga osaopa. Kamodzi kanabwera mpaka pagalasi, kanandiyang'ana, kenaka kanatembenuka n'kukayamba kudomola ndere pamwala, mutu pansi mchira m'mwamba, ngati mbuzi pa msipu. Timeneti ndi mbuna.

Mbuna ndizo zinachititsa kuti pakhale pakiyi, ndipo ndizo zinachititsa kuti bungwe la UNESCO liike malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Ya banja limodzi lokha, limene muli chambo, utaka, ncheni ndi mbuna, ndi yoposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Zinatheka bwanji? Yankho lili pa khalidwe la mbuna. Kansombaka kamabadwira pamiyala, kamadya pamiyala, kamafera pamiyala. Mchenga wautali kapena madzi akuya n'chimodzimodzi mpanda kwa iko, sikawoloka. Ndiye mbuna za pa Thumbi zimakwatirana zokhazokha, za pa Mumbo zokhazokha, ndipo pakapita mibadwo yambirimbiri zimayamba kusiyana mtundu, kamwa ndi mano, monga mmene chilankhulo chimasinthira midzi ikatalikirana. Onjezanipo kuti zazikazi zimasankha mwamuna poona mtundu wa zovala zake. Pali mitundu ina imene dziko lake lonse ndi mulu umodzi wa miyala. Mukauwononga mulu umenewo, mtunduwo watha padziko.

Gaidi anandilozera kena kotuwa, kobisala pamng'alu, masaya ali tutumu. "Kameneko n'kakakazi, akulu, kali ndi ana m'kamwa." Mbuna yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi masabata atatu, osadya, mpaka ataswa. Chambo chimene timadya chimachitanso chimodzimodzi. Apa mumvetsa chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka ena nyengo yoswana: mukagwira mayi mmodzi mwagwira ndi ana onse ali m'kamwa. Ndipo m'paki muno, mamita 100 kuchokera pagombe lotetezedwa kapena pachilumba, kuwedza n'koletsedwa. Lamuloli limawawa kwa msodzi amene agogo ake ankaponya ukonde pomwepo, ndipo mikangano imakhalapo. Koma gaidi amene anandiperekezayo ndi mwana wa msodzi, ndipo anati mbuna yamoyo imamudyetsa tsiku ndi tsiku, pamene yakufa siikwana ndi ndiwo za mwana mmodzi.

Magaidi ena amamwaza buledi kuti nsomba zisonkhane pa manja a mlendo. Zimasangalatsa, zithunzi zimakongola, koma ine sindigwirizana nazo. Mimba ya mbuna inapangidwira ndere, osati ufa wa tirigu, ndipo nsombazo n'zambiri kale moti simufunika kuzinyengerera.

Chotsatira ndi chimene ana amachikumbukira mpaka kukula. Boti likuzungulira kuseri kwa chilumba. Gaidi watulutsa nsomba imene anagula kwa asodzi mmawa uja, wailowetsa kabango kukamwa kuti isamire, waimirira, waika zala pakamwa, likhweru. Pamwamba pa mtengo pali kadontho koyera. Waponya nsombayo. Kadontho kaja katambasula mapiko, ndipo ndi nkhwazi, mutu ndi chifuwa zoyera mbee, mapiko akuda, mimba yofiirira. Ikubwera chotsetsereka, miyendo yaponyedwa kutsogolo, zikhadabo zatambasuka, phava! Madzi angothovoka pang'ono, nsomba yapita. Ikafika pamtengo imaponya mutu chagada n'kulira kulira kuja kumene aliyense wokulira kunyanja amakudziwa ali m'tulo. Nkhwazi zimakhala ziwiriziwiri, ndipo yaikulu mwa ziwirizo ndi yaikazi. Mbalame imeneyi ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi, ndipo abale athu a ku Zambia ali nayo pa mbendera yawo.

Dzuwa lafika pamutu. Maulendo ambiri otere amathera ndi chakudya chimene anyamata a boti amakonza: kampango kapena chambo chootcha, mpunga kapena nsima, tomato ndi anyezi. Mukambirane za chakudyachi musananyamuke, pamodzi ndi mtengo wa boti, wa magalasi ndi wa gaidi, kuti pasakhale kukokana pobwerera. Ndipo potsitsa mtengo muzikumbukira kuti petulo wa injiniyo amachokera kutali. Mabotolo ndi majumbo mubwerere nawo kumtunda.

Mawu awiri a zaumoyo tisanatseke. Likodzo lilipo kunyanja, ndipo Chembe ndi amodzi mwa malo odziwika nalo, makamaka m'madzi osaya a kufupi ndi mudzi. Tizilombo take timakulira mu nkhono zazing'ono za m'madzi ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba. Akatswiri anaona kuti nsomba zodya nkhonozo zitachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso, nkhono zinachuluka. Musaope nyanja chifukwa cha ichi. Mankhwala ake alipo, a praziquantel. Mukabwerako pitani kuchipatala, auzeni tsiku limene munasamba, iwo akuuzani nthawi yoyenera kuyezetsa ndi kumwa mankhwalawo. Ndipo udzudzu umene unagonetsa amishoni aja udakalipo, choncho ogona komweko agone m'masikito.

Pofika 1 koloko masana mwatsika boti, mchenga ukuotcha kumapazi, ndipo muli ndi nthawi yokwanira kukwera matola kubwerera ku Monkey Bay kusanade. Aphunzitsi amene mukundimva, ulendo uwu ukutheka ndi kalasi yonse. Lembani kalata ku ofesi ya paki nthawi ilipo kuti akukonzereni. Mipingo, magulu a banki m'khonde, mabanja, nanunso sonkheranani. Mukafika, funsani pa geti ya paki kapena pa loji kuti akupezereni gaidi wodziwika, ndipo mumuuze kuti muyambire pa Mwala wa Mphini.



(Nyimbo yotsekera)